Nsalu Yofunda Amayi a ku Sighthill

Chimene chinandilowetsa m'mavuto amenewa ndi pakamwa panga, ndipo palibe wina amene ndingamukankhire. Amene amandidziwa akudziwa kuti ine munthu akandiputa sindigona nazo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Lachitatu lililonse ndinkapuma. M'malo mokhala m'nyumba n'kumayang'ana mvula pawindo, ndinalembetsa maphunziro oluka lesi pa kamyuziyamu kena ka nsalu ku Hillhead, muno mu Glasgow. Kanali ka zipinda zitatu basi: ziwiri zoonetseramo nsalu zakale m'makabati a galasi, chimodzi chophunziriramo. Tinalipo akazi asanu ndi atatu, wakuda ndine ndekha. Mphunzitsi wathu anali mayi wachikulire wa konkuno, woonda ngati ndodo, wosakonda zolankhulalankhula. Lesi ya kuno amailukira pa pilo wolimba, ndi timapini ndi timitengo tokulungapo ulusi, ndipo ukhoza kukhala tsiku lathunthu n'kuluka kachidutswa kosakwana chala. Ukalakwitsa mphunzitsiyo sankakalipa. Ankangoima kumbuyo kwako n'kuloza ndi chikhadabo, iwe n'kuyamba kumasula.

Tsiku lina tikumwa tiyi, anatiuza kuti myuziyamu ikukonza chionetsero cha nsalu za anthu amene anabwera mu Glasgow kuchokera kumayiko ena. Mzimayi wina wa m'kalasimo, wovala magalasi a pachingwe, anatembenukira kwa ine n'kufunsa, mokoma mtima ndithu, ngati kwathu kuli anthu odziwa kuluka, kapena singano ndinayamba kuiona nditafika kuno. Koma abale! Mtima unandipsa nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti kwathu mtsikana amayamba kuluka asanathe n'kusenda mbatata bwinobwino, kuti m'nyumba za aphunzitsi ndi abusa ngakhale mipando imavala zoluka, ndipo kuti ndibweretsa nsalu imodzi yoti akaiona aika pansi timitengo taketo. Ndinkalankhula choncho nsalu yake ndikuidziwa, ndikudziwanso kuti si yanga.

Inali ya Amayi a ku Sighthill. Tinkawatchulabe choncho ngakhale nyumba zazitali za ku Sighthill, kumene ankakhala poyamba, zinali zitagwetsedwa, iwo atasamukira ku Maryhill pafupi ndi ngalande. Anabwera kuno adakali achitsikana, kutsatira amuna awo amene ankaphunzira. Amunawo anamwalira, iwo n'kulera okha mwana wawo mmodzi wamkazi. Mmalawi wofika kumene mumzinda uno ankayamba wagona pa sofa yawo. Ine ndinagonapo miyezi iwiri. Ndiwo anandiphunzitsa kukwera sitima ya pansi pa nthaka, ndiwo anandipezera chikhothi changa choyamba, ndipo kutchalitchi anandigwira dzanja n'kuuza anthu kuti uyu ndi mwana wanga, mumusamale.

M'miyezi imeneyo ndi pamene anandionetsa nsaluyo. Anaitulutsa pansi penipeni pa sutikesi, yokulunga m'chitenje chakale. Inali yoyera mbee, yaitali kuposa munthu, pakati bafuta, m'mbali monse lesi ya timaluwa ndi timasamba yoluka ndi singano ya kangowe. Anailuka zaka zambiri ali m'mwamba mwa nyumba yaitali ija, mwana akapita kusukulu. Ataiyala pabedi anandiuza mosapita m'mbali.

"Iyi ndi yodzandifunditsa m'bokosi ndikadzamwalira. Kumudzi ndisadzafike ngati munthu wopanda ake. Mwana wanga sindinamuuze, zoterezi suuza mwana wobereka wekha. Ndauza iwe."

Ndinati, Amayi musamatero, iwo n'kuseka, n'kuipindanso.

Ndiye taonani, nsalu yomweyo ndi imene ndinakaipempha kuti ikaikidwe pachionetsero. Poyamba anakana. Ndinawanyengerera ngati mwana wofuna switi: ndi miyezi inayi yokha, ikakhala m'galasi, palibe akaigwire, azungu aone kuti nafenso tili ndi manja. Anandifunsa kuti nanga akafuna kunyamuka nsalu ili kumeneko? Ndinawaseka. Ndinati inu amene mumayenda m'mbali mwa ngalande tsiku ndi tsiku, amene mumakwera masitepe kuposa ife, mudzatiika m'manda tonsefe. Anavomera, ndipo ndikudziwa kuti mumtima nawonso zinawakomera.

Tinapita limodzi kukaipereka. Mkulu wa myuziyamu anatipatsa fomu, ndipo popeza maso a Amayi anali atayamba kuvuta, ndinalemba ndine. Pafupi ndi pothera panali funso lakuti: kodi pali chifukwa chilichonse chimene chingachititse kuti katunduyu afunike chionetsero chisanathe? Cholembera chinaima m'manja mwanga. Amayi anali pambali panga pomwepo, akuviika bisiketi mu tiyi, akuseka ndi mphunzitsi wathu za ulusi wa masiku ano wosachedwa kuduka. Ndikanalemba chiyani? Kuti mayi awa akamwalira? Kwathu munthu ali moyo sumutchulira imfa pamaso pake. Mwini wake akhoza kuitchula, koma iwe ayi, amati ukumufunira. Ndiye ine ndichite kuilemba papepala, n'kuwapatsa kuti asaine m'munsi mwake? Ndinalemba kuti palibe. Pamene anafunsa ntchito ya nsaluyo ndinalemba kuti ndi yoyala pabedi. Amayi anasaina osawerenga, chifukwa walemba ndi mwana wawo.

Tsiku lotsegulira chionetsero, eee, zinali bwino. Nsalu ija anaiimika m'kabati yakeyake, atayitambasula pa thabwa lalikulu lokuta ndi nsalu ya buluu, timaluwa tonse tikuoneka. Mzimayi wa magalasi uja anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ine n'kumamuyang'ana cham'mbali. Amayi anabwera atavala chitenje chawo cha pa Khirisimasi. Mwana wawo, amene ndi namwino, anathamanga kuchokera kuntchito, ndipo ataona dzina la mayi ake pa kakhadi analira. Chithunzi cha awiriwo chinatuluka m'kalata ya nkhani ya myuziyamu, ine n'kuitumiza kwa aliyense amene ndinali ndi nambala yake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patatha milungu isanu Amayi anagwa kukhitchini Lachisanu m'mawa, ndipo pofika Lamlungu anali atatisiya.

Nditamva uthenga, ndisanayambe n'kulira komwe, nsalu ija inandibwerera m'mutu. Koma sindinauze munthu. Masana alionse tinkasonkhana ku Maryhill, mipando titaikankhira kukhoma, amayi titakhala pansi pa zitenje, tikuimba chapansipansi kuopa kusokoneza oyandikana nawo. Ine ndinkaimba nawo, kutsuka makapu, kulandira alendo pakhomo, mtima uli m'mwamba. Ndinkadziuza kuti mapepala otumizira maliro kumudzi amatenga milungu, nthawi ilipo, mwanayu ayambe wapuma. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Kunena za nsaluyo kunali kunena kuti ndinaichotsa m'nyumba ndikudziwa ntchito yake. Zengerezu analinda kwawukwawu, amatero akulu, ndipo ine ndinazengereza masiku asanu ndi atatu.

Lolemba lotsatira mwana wawo uja anaima pakati pa chipinda n'kulengeza kuti zonse zatheka mofulumira, ndege yapezeka. Anafotokoza kuti maliro okwera ndege amakhala m'mabokosi awiri, la chitsulo mkati, la thabwa kunja, ndipo la chitsulolo amalimata moti silitsegulidwanso. Anati adzamata Lachinayi, thwelofu koloko masana, ndipo amene akufuna kutsanzika afike isanakwane nthawiyo. Amayi anzanga anati Mulungu wayankha. Koma Lolemba myuziyamu satsegula.

Lachiwiri ndinafika pakhomo pawo asanatsegule. Mtsikana wa pa desiki ankandidziwa, ndipo anapepesa za maliro. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzatenga nsalu. Anati zimenezo iye sangathe: mkulu wa myuziyamu ali patchuthi kuzilumba, wochotsa katundu ndi amene anasaina kapena wolowa m'malo mwake, ndipo kabati amatsegula ndi katswiri wosamalira nsalu yekha, amene amabwera Lachinayi teni koloko chifukwa masiku enawa amayendera mamyuziyamu ena kutali, makiyi ali nawo. Pamenepo ndinaiwala ulemu. Ndinakweza mawu, ndinati nsalu si yanu, munaipeza pati, galasi limeneli ndiliphwanya ndi nsapato. Alendo awiri amene ankaonera anatuluka mwakachetechete. Mtsikanayo anaimbira mkulu wake, foni n'kuduka kawiri, kachitatu n'kundipatsa kuti ndilankhule ndekha.

Ndinafotokoza ntchito yeniyeni ya nsaluyo. Mkuluyo anati wavomera ndi mtima wonse kuti ichotsedwe, bola mwana wa malemu asaine. Ndiye anawonjezera, mosakalipa konse, kuti tikanawauza poyamba akanaiyala m'kabati yongokoka kuti tsiku lililonse ituluke m'kanthawi kochepa, ndipo funso lija pa fomu analiikirapo zoterezi. Ndinabweza foni, n'kupepesa mtsikana uja. Ndinapita kukaima pa kabati. Nsalu inali pomwepo, kutalika kwa mkono wanga kuchokera pamene ndinaima.

Kuchoka pamenepo ndinakwera basi ya ku Maryhill ndi pepala loti mwanayo asaine. Iyeyu anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha Glasgow chothamanga chija, ndipo ine amanditchula Anti kuyambira tsiku limene ndinagona pa sofa yawo. Ndinamupeza kukhitchini akupinda zovala za mayi ake, maso ali psuu. Ndinayamba mozungulira monga mwa chizolowezi chathu. Ndinati mwina ndi bwino katundu wa Amayi yense abwerere m'nyumba, kuphatikizapo nsalu ija. Anakana nthawi yomweyo. Anati mayi ake sanasangalalepo ngati tsiku la chionetsero lija, nsaluyo ikhale pomwepo mpaka mapeto, ndipo iye akuganiza zoipereka ku myuziyamu mpaka kalekale kuti anthu aziona dzina la mayi ake. Anandithokoza kuti ndinachita chinthu chachikulu. Anandigwira dzanja pondithokozapo.

Pamenepo njira yozungulira inatha. Ndinamuuza mawu a mayi ake monga anandiuzira.

Anasiya kupinda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ketulo ikuwira kumbuyo kwake mpaka inazima yokha.

"Anakuuzani liti, Anti?"

"Kalekale. Ndikukhala kuno."

"Pamene munkalemba fomu ija munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo masiku onsewa mwakhala pansi apo mukuimba."

Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iye anangotenga pepalalo, kuliwerenga lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kusaina, n'kulisiya patebulo osandipatsa m'manja. Kenako anaimbira okonza maliro ine ndili pomwepo, kupempha kuti asinthe nthawi. Anamuyankha kuti angadikire mpaka hafu pasiti thwelofu osapitirira, chifukwa akamata pamakhala mapepala oti adindidwe, ndipo galimoto iyenera kukafika kubwalo la ndege nthawi yake. Ataika foni anandifunsa chinthu chimodzi chokha, kuti n'chifukwa chiyani mayi ake anauza ine osati iye. Ndinayesa kufotokoza za mwambo. Anatuluka ndisanamalize.

Lachitatu ndinapita kukalasi chifukwa ndinalibe kwina kopita, komanso kuti ndikapereke pepala lija. Timitengo tinkangosokonekera m'manja mwanga. Nkhani ya kukuwa kwanga inali itafika kale m'chipindamo, ndipo anzanga ankandilankhula mosamala ngati ndine wodwala. Mzimayi wa magalasi uja anandibweretsera tiyi ndisanapemphe, ine n'kulephera kumuyang'ana. Mphunzitsi anaima kumbuyo kwanga, koma m'malo moloza cholakwa anandikodola kuti tituluke. Pa masitepe ndinamuuza zonse, osabisa mbali yanga. Anamvetsera atapinda manja. Anati amayi a mayi ake nawonso ankasunga zovala zawo zoikidwa nazo mu dilowa ya pansi, zosita bwinobwino, ndipo chaka chilichonse ankazitulutsa kuti zipitidwe mphepo, moti nkhani imeneyi iye sikanamudabwitsa. Sananene kuti bwanji simunandiuze. Anatulutsa foni n'kuimbira katswiri uja, amene anali mnzake wakale. Katswiriyo anati lero sizingatheke, ali kutali kwambiri, koma mawa afika naini koloko m'malo mwa teni. Ndinawerengera: kutsegula kabati, kupinda nsalu, kukwera takisi. Ndinaona kuti pofika teni ndikhala nditafika, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinadya.

Lachinayi katswiriyo anafikadi naini koloko, mayi wamfupi wa chikwama chachikulu. Mphunzitsi anali atafika kale ngakhale silinali tsiku lake. Katswiriyo anazimitsa alamu, kutsegula galasi, ine n'kutambasula manja kuti ndinyamule nsalu. Iye anandigwira mkono. Anati tayang'anani bwino.

Nsaluyo sanangoipachika. Anaisokerera pa nsalu ya buluu ija, kuti isalendewere n'kung'ambika ndi kulemera kwake. Duwa lililonse, tsamba lililonse, linali ndi kamsoko kake kakang'ono ngati nsabwe, ndipo ulusi wake unali woyera ndendende ngati wa Amayi. Katswiriyo anati anasoka masiku awiri. Ukadula ulusi wolakwika, lesi yoluka ndi kangowe imayamba kumasuka yokha mzere wonse. Ndinati ndiye tinyamule ndi thabwa lomwe. Thabwalo linali lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo ngakhale titalitsitsa n'kuligoneka patebulo la m'kalasi, zinali zoonekeratu kuti mu takisi silingalowe.

Tinayamba kumasula atatu. Anandipatsa kasizasi kopindika kunsonga ndi kopanira ulusi. Umakweza duwa pang'ono, kufunafuna kamsoko, kulowetsa nsonga, kudula, kusolola. Kamodzi. Kenako kena. Katswiri anayambira kumutu, mphunzitsi kumiyendo, ine m'mbali. Pakhoma panali wotchi yaikulu imene ndinali ndisanaionepo Lachitatu lililonse limene ndinakhala m'chipindamo, koma tsiku limenelo ndinkaimva ndi kugunda kwake komwe.

Teni koloko tinali titamaliza mbali imodzi yaifupi. Foni yanga inalira, anali amayi busa, mkazi wa abusa athu, amene anali kale kwa okonza maliro ndi amayi ena. Anafunsa kuti ndili pati, ndinati tikubwera. Anati amaliza kuwaveka Amayi, akungodikira nsalu. Ndinati tikubwera.

Manja anga anayamba kutuluka thukuta m'magolovesi. Ndinawavula. Chapakati pa mbali yanga ndinatopa n'kufunafuna timisoko, ndinagwira duwa n'kukoka kuti ulusi uduke wokha. Chimene chinaduka si chimene ndinkafuna. Ndinaona tsamba limodzi likuyamba kumasuka, ulusi ukuthamanga ngati nyerere pamzere. Mayo ine! Mphunzitsi anandigwira dzanja mwamphamvu, mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo. Anabaya kapini pamene ulusi unafika, anatenga singano, n'kumanga malowo. Zinamutengera mphindi zisanu zimene tinalibe. Atamaliza anandibwezera kasizasi n'kunena kuti pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudziwa, koma nkhono ilibe galimoto yoidikira pakhomo.

Leveni koloko. Amayi busa anaimbanso. Sindinayankhe. Anatumiza uthenga wakuti mwana uja wakhala pampando pafupi ndi bokosi, sakulankhula ndi munthu, akungoyang'ana kukhomo.

Hafu pasiti leveni tinali titangopitirira theka. Ndinaimirira, msana uli gwa, n'kunena kuti sitikwanitsa. Misozi inayamba kutsika ndipo ndinabwerera m'mbuyo kuti isagwere pansalu. Mphunzitsi anayang'ana wotchi, anayang'ana thabwa, kenako anapita pa dilowa n'kutulutsa sizasi yaikulu yodulira nsalu. Katswiri anayamba kunena kuti nsalu ya buluuyo ndi ya myuziyamu, thabwa limeneli analikonza mwapadera, koma anaima pakati pa mawu. Anagwira yekha thabwalo ndi manja awiri kuti lisagwedere. Mphunzitsi anaboola pakona n'kuyamba kudula nsalu ya buluu mozungulira, kutali pang'ono ndi lesi. Inali yomata m'mbali ndiponso yolimba, sizasi inkakana, koma anafika. Nsalu ya Amayi inachoka pathabwa itanyamula chibuluu chija kumsana. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji palibe mmodzi wa ife anaganiza zimenezi naini koloko. Tonse atatu mitu inali pa timisoko.

Titatuluka, thwelofu inali itatsala pang'ono kukwana. Mtsikana wa pa desiki anali ataitana kale takisi. Mphunzitsi analowa nane osafunsa, tizisizasi tili m'thumba la juzi, ndipo tinayala nsalu pamiyendo pathu n'kupitiriza kumasula, chifukwa sindikanalola kuti Amayi afunde ndi chinsalu cha myuziyamu. Tsopano tinkadulira kumsana, kumene ulusi woyera unkaonekera bwino pa buluu, ndipo ntchito inkafulumira. Okonza maliro anali kutsidya la mtsinje. Ndinauza woyendetsa kumene tikupita ndi chifukwa chake, iye anazimitsa wailesi. Koma msewu waukulu ankaukonza, magalimoto atandandana, ndipo maloboti onse a mu Glasgow anagwirizana tsiku limenelo kuti akhale ofiira. Galimoto ikaima tinkadula msanga, ikanyamuka tinkakweza manja kuopa kulasa lesi. Ulusi woyera unali mbwee pamipando.

Kota pasiti thwelofu tinali tisanawoloke. Ndinaimbira mwana uja, sanayankhe. Ndinaimbira amayi busa n'kuwapempha kuti awagwire miyendo okonza malirowo, mphindi khumi zokha. Anati ayesa. Hafu pasiti inakwana tili pa mlatho, ndikuiona pa kawotchi ka woyendetsa. Ndinaimbanso. Foni inalira nthawi yaitali, ndipo atayankha, kumbuyo kwawo kunali zii.

"Ingobwerani, mwana wanga," anatero amayi busa.

Kamsoko komaliza mphunzitsi anadula takisi ikuima. Inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane wani koloko. Ndinapinda nsalu mmene ndikanathera n'kuthamanga nayo, chikwama ndinachisiya pampando.

M'khonde munkamveka fungo la chitsulo chotentha. Bambo wovala suti yakuda ananditsogolera kuchipinda cha mkati. Amayi a mpingo anali ataima m'mbali mwa khoma, zitenje m'chiuno, ndipo nditalowa onse anayang'ana pansi. Bokosi linali pakati. Chivundikiro cha thabwa anachitsamiritsa kukhoma, koma mkati mwa bokosimo simunkaoneka munthu. Munali chitsulo chotuwa, chomata m'mbali monse.

Bamboyo anapepesa. Anati anadikira mphindi khumi kupitirira nthawi imene analonjeza. Ndinamupempha kuti atsegule pang'ono pokha, pakona, ine ndilowetsa. Ndinagwada, ine amene sindigwadira munthu wamba. Anati akatsegula ndiye kuti zonse ziyambirenso, mapepala ndi ndege yomwe, ndipo mwina papita sabata ina. Anayang'ana mwana wa Amayi, chifukwa wonena anali iyeyo. Kumudzi anthu anali atasonkhana kale, ena atachoka kutali. Mwanayo anapukusa mutu. Anati mayi ake adikira mokwanira, apite kwawo.

Amayi busa anandidzutsa. Anandinong'oneza kuti anawafunditsa chitenje chatsopano, sanapite opanda kanthu, ndipo nsalu yafika, Mulungu waona. Ankanena kuti anditonthoze, koma ine ndinkadziwa chimene ndinapemphedwa, ndipo si chimenecho. Chinthu chimodzi chokha anandisungitsa mayi amene anandisunga, ndipo ndinachigulitsa kuti mzimayi wa magalasi atseke pakamwa.

Bamboyo anati pakati pa chitsulo ndi chivundikiro pali mpata, nsalu ikhoza kugona pamenepo. Ndinayamba kuitambasula kuti ndiyale. Mwana uja anabwera n'kuichotsa m'manja mwanga, osalanda, koma osapemphanso. Anaifungatira pachifuwa, n'kuinunkhiza. Kenako anandiyang'ana, koyamba chilowereni.

"Anti, tulukani kaye. Ndiwafunditsa ndekha."

Palibe mayi amene anandiikira kumbuyo, ndipo anachita bwino. Ndinatuluka, bamboyo n'kutseka chitseko. Mphunzitsi anali m'khonde atakhala pa benchi, chikwama changa chili pamiyendo pake, ndipo anasendera kuti ndikhale. Mkatimo amayi busa anayambitsa nyimbo, ena n'kulandira. Ndinkaidziwa mawu ake onse, koma sindinaimbe. Itatha ndinamva akunyamula chivundikiro, kenako akukhoma misomali umodziumodzi.